SHEHE WONYAMULA LUPANGA: ABD AL-QADIR WA KU ALGERIA, 1808-1883

Pamene maiko a ku Ulaya adayamba kulanda maiko a mu Africa, ambiri mwa anthu amene adalimbana nao nthawi yaitali sadali mafumu obadwa m'banja lachifumu ai, koma aphunzitsi a chipembedzo cha Chisilamu. Anthu otere ankayamba ndi kudzudzula a mtundu wao chifukwa cha kuzirala pa chipembedzo, ndipo pambuyo pake ndi pamene ankatola zida. Ku Sudan kudali Muhammad Ahmad, wotchedwa Mahdi, amene adalanda mzinda wa Khartoum m'chaka cha 1885. Ku Somalia kudali Sayyid Muhammad Abdullah Hassan, amene adasautsa Angerezi kuyambira 1899 kufikira 1920. Ku Libya kudali Omar al-Mukhtar wa gulu la Sanusiyya, amene Ataliyana adamnyonga m'chaka cha 1931. Koma onsewa asanamveke, ku Algeria kudadzuka mnyamata dzina lake Abd al-Qadir, amene adaimika nkhondo ya Afalansa zaka 15.

Mbiri ya munthu ameneyu iyenera kusungidwa chifukwa cha chinthu chimodzi makamaka. Lamulo la chipembedzo limene lidampatsa lupanga ndi lomwelonso lidamanga dzanja lake. Lidamuuza nthawi yomenya nkhondo, lidamuuza kasungidwe ka mdani wogwidwa, lidamuuza nthawi yoleka, ndipo potsiriza lidamuimika pakhomo pake kutchinjiriza Akhristu kwa Asilamu anzake.

KUBADWA NDI MAPHUNZIRO

Abd al-Qadir adabadwa m'chaka cha 1808 pa mudzi wa Guetna, pafupi ndi mzinda wa Mascara, kumadzulo kwa Algeria. Atate ake, Muhyi al-Din, adali shehe wamkulu wa gulu la Qadiriyya m'dera limenelo. Gululi lidatenga dzina lake kwa Abd al-Qadir al-Jilani, mlaliki wa ku Baghdad amene adamwalira m'chaka cha 1166, ndipo ndi lomwelo limene pambuyo pake lidafika kwa Asilamu a m'mbali mwa Nyanja ya Malawi kudzera ku Zanzibar. Pa Guetna padali zawiya, ndiye kuti malo amene adali sukulu, mzikiti ndi nyumba ya alendo pamodzi. Pamenepo mnyamatayo adaloweza Korani pamtima, naphunzira malamulo a Chisilamu, chinenero cha Chiarabu ndi kukwera pa kavalo.

Masiku amenewo dziko la Algeria lidali pansi pa akuluakulu ochokera ku Turkey, amene adalilamulira zaka ngati 300. Iwowa adali Asilamu, komatu ulamuliro wao udali wolemetsa. Mafuko ena adawapatsa zida ndi kuwachotsera msonkho kuti azikhometsa msonkho anzao, ndipo mashehe otchuka ankawayang'ana ndi diso lokayika. Nchifukwa chake pamene Muhyi al-Din adanyamuka ulendo wa ku Mecca pamodzi ndi mwana wake, bwanamkubwa wa ku Oran adayamba wawatsekereza kwa nthawi ndithu. Ataloledwa kupita, adakafika ku Mecca, ku Damascus ndi ku Baghdad, kumanda a al-Jilani. Podzera ku Egypt mnyamatayo adaona m'mene Muhammad Ali ankakonzera asilikali ndi boma mwatsopano, ndipo zimenezi adazisunga mumtima.

KUFIKA KWA AFALANSA

Nkhondo ya Afalansa idayamba ndi ngongole. Boma la France lidatenga tirigu wa ku Algeria kudzera mwa amalonda ena, ndipo malipiro ake adakhala mlandu zaka zambiri. M'chaka cha 1827 wolamulira wa ku Algiers, Hussein Dey, pokangana ndi kazembe wa France, Pierre Deval, adamkwapula ndi litchowa. Afalansa adati dziko lao lanyozedwa. Adatseka doko la Algiers ndi zombo zaka zitatu, kenaka mu June 1830 asilikali ao adatsika pa Sidi Ferruch, ndipo pa 5 July mzindawo udagwa.

Pa chipangano cha tsiku limenelo Afalansa adalonjeza kulemekeza chipembedzo ndi chuma cha eni dziko, koma lonjezolo silidakhalitse. Mu April 1832 asilikali ao adapha anthu a fuko la El Ouffia usiku ali m'tulo, ndipo chaka chomwecho mzikiti wa Ketchaoua mu Algiers udalandidwa ndi kusandutsidwa tchalitchi. Kumidzi nako kudalibe mtendere. Ulamuliro wakale utagwa, fuko lililonse lidayamba kufunkha za linzake, misika idatsekeka, ndipo njira zidadzaza achifwamba.

Akuluakulu a mafuko a kumadzulo adapita kwa Muhyi al-Din kukapempha kuti awatsogolere. Iwo adakana chifukwa cha ukalamba, naloza mwana wao. Tsono mu November 1832, m'chigwa cha Ghriss, pansi pa mtengo, mafuko adalumbira kumvera Abd al-Qadir, ali ndi zaka 24 zokha. Adamutcha Amir al-Muminin, kutanthauza Mtsogoleri wa Okhulupirira.

KUKONZA NYUMBA MDANI ALI PAKHOMO

Amir adazindikira kuti mutu umodzi susenza denga, ndi kuti mafuko odana sangaime pamaso pa France ngati palibe chowamanga pamodzi choposa chibale cha magazi. Chomangiracho adachipeza m'chipembedzo. Adaphunzitsa kuti tsoka lagwera dzikolo chifukwa Asilamu adasiya lamulo la Mulungu natsata zofuna za mafuko ao, ndipo kuti kupirikitsa mlendo kuyenera kuyamba ndi kukonza moyo wa eni nyumba.

Potero adathetsa mwai wa mafuko aja okhometsa anzao msonkho, nalamula kuti onse apereke mofanana zopereka zimene Chisilamu chimalamula: chachikhumi cha zokolola ndi zakati ya ziweto. Adaika oweruza olandira malipiro kuchokera ku boma kuti asadye ziphuphu. Adaletsa mowa, juga ndi fodya, nalimbikitsa mapemphero ndi masukulu. Iye mwini ankavala ndi kudya monga wosauka, ndipo chuma cha boma sankachisakaniza ndi cha banja lake. Pa nkhani zovuta, monga chilango cha Asilamu ogwirizana ndi adani, sadadziweruzire yekha, koma adalembera akatswiri a malamulo a ku Fez, m'dziko la Morocco, kufunsa chimene lamulo likunena.

Pa nkhondo zinthu zidayenda mosinthanasinthana. Mu February 1834 mkulu wa asilikali a France ku Oran, Desmichels, adachita naye pangano la mtendere. Mu June 1835 Amir adagonjetsa gulu la nkhondo la Trézel m'madambo a Macta. Chaka chotsatira Bugeaud adamgonjetsa pa mtsinje wa Sikkak, ndipo Amir adaphunzirapo kuti sayenera kuonana ndi mizinga maso ndi maso. Pa 30 May 1837 awiriwa adachita pangano la Tafna, limene lidasiya m'manja mwa Amir pafupifupi magawo awiri mwa atatu a dziko, Afalansa nkutsala ndi mizinda ya kugombe ndi madera oizungulira.

Zaka ziwiri za mtendere zimene zidatsatira adazigwiritsa ntchito pomanga boma. Adagawa dzikolo m'zigawo zisanu ndi zitatu, chilichonse ndi nduna yake. Adakhazika likulu ku Tagdemt, kutali ndi nyanja, namanga malinga, nyumba zosulira mfuti ndi zopangira wonga. Adasula ndalama zake. Adalemba asilikali olipidwa okwana ngati 10,000, kuonjeza pa ankhondo a mafuko. Tirigu wa chachikhumi ankamsunga m'nkhuti zobisika pansi, kuti asilikali ake apeze chakudya kulikonse kumene angafike.

Koma kukonzanso kumeneku kudali ndi mbali yake yowawa. Mafuko a Douair ndi Zmala, amene adataya mwai wao wakale, adasankha kumenya nkhondo ku mbali ya France kuyambira 1835. Ndiponso si mashehe onse adamvomera. Mtsogoleri wa gulu la Tijaniyya ku Ain Madi, m'mphepete mwa chipululu, adakana kumgonjera, ndipo m'chaka cha 1838 Amir adazinga mudziwo miyezi yambiri kufikira adaugwetsa. Msilamu adakhetsa mwazi wa Msilamu mnzake m'dzina la umodzi, ndipo chilonda chimenecho sichidapole msanga.

BISHOPU NDI AMIR

Mu October 1839 asilikali a France, pamodzi ndi mwana wa mfumu, Duke wa Orléans, adadutsa pa mpata wa mapiri wotchedwa Zipata za Chitsulo, m'dera limene Amir ankaliyesa lake. Iye adaona kuti pangano la Tafna laswedwa. Adalemba kalata yochenjeza kuti nkhondo iyambanso, ndipo mu November apakavalo ake adatsikira m'chigwa cha Mitidja natentha minda ya atsamunda.

M'kati mwa nkhondo imeneyi mudachitika chinthu chimene chidadabwitsa anthu a ku Ulaya. Mwambo wakale wa ankhondo a kumeneko udali wodula mitu ya adani. Amir adauletsa, nalonjeza mphotho kwa aliyense wobwera ndi mdani wamoyo, ndi chilango kwa womzunza. Akaidi ankadya chakudya chimene asilikali ake ankadya, ndipo akazi ogwidwa ankasungidwa ndi amai ake enieni, Lalla Zohra.

Bishopu woyamba wa Akatolika ku Algiers, Antoine-Adolphe Dupuch, adalembera Amir kupempha kuti amasule mkulu wina wachifalansa, atamva kulira kwa mkazi wake. Yankho la Amir lidali ndi chidzudzulo chaulemu. Lidati mtumiki wa Mulungu akadayenera kupempha ufulu wa Akhristu onse ogwidwa, osati wa mmodzi yekha, ndiponso akadayenera kukumbukira Asilamu amene adali m'ndende za Afalansa. Bishopu adalandira mau amenewa modzichepetsa, nayamba kuyenderera nkhaniyo kwa akuluakulu a boma. Mu May 1841, pafupi ndi Boufarik, mbali ziwirizo zidasinthana akaidi, ndipo Afalansa oposa 100 adabwerera kwao. Amir adaloleza ngakhale kuti wansembe azikhala ndi akaidi otsala, kuti aziwapempherera ndi kuwalembera makalata.

NKHONDO YOTENTHA MINDA

Chaka chomwecho cha 1841 Bugeaud adafika ku Algiers monga bwanamkubwa, ali ndi nzeru yatsopano. Adaona kuti Amir sangagwidwe pomthamangitsa, popeza mphamvu yake idali mwa anthu omdyetsa. Tsono adalamula asilikali ake kutentha tirigu m'minda, kufukula nkhuti, kudula mitengo ya zipatso ndi kulanda ziweto, kufikira fuko lililonse litagonja ndi njala. Asilikali a France m'dzikomo adachuluka mpaka kupitirira 100,000. Tagdemt ndi Mascara zidagwa m'chaka cha 1841, Tlemcen m'chaka cha 1842.

Atasowa mzinda, Amir adasandutsa likulu lake mudzi wa mahema woyendayenda, wotchedwa Smala, m'mene munkakhala mabanja, oweruza, amisiri, ziweto ndi chuma cha boma. Pa 16 May 1843 mwana wina wa mfumu, Duke wa Aumale, adaupeza mudziwo pa Taguin mwiniwake kulibe, naulanda. Anthu zikwi zingapo adagwidwa, ndipo mabuku amene Amir adasonkhanitsa zaka zambiri adamwazika.

Amir adaolokera ku Morocco, kumene mfumu Abd al-Rahman idamthandiza poyamba. Koma mu August 1844 zombo za France zidaombera mizinda ya Tangier ndi Mogador, Bugeaud nagonjetsa asilikali a Morocco pa mtsinje wa Isly. Mwezi wotsatira mfumuyo idavomera pa pangano la Tangier kuti Amir ayesedwe chigawenga m'dziko lake lomwe.

Zaka zimenezi nkhanza zidafika poipitsitsa. Mu June 1845 anthu a fuko la Ouled Riah adathawira m'mapanga a ku Dahra pamodzi ndi akazi, ana ndi ziweto. Mkulu wa asilikali, Pélissier, adasonkha moto pakhomo pa mapangawo, ndipo anthu mazana ambiri adafa ndi utsi. Nkhaniyi idautsa mkangano m'nyumba ya malamulo ku Paris, koma Bugeaud adamuikira kumbuyo Pélissier. Mbali ya Amir nayonso idadetsedwa. Mu April 1846, iye ali kutali ku nkhondo, mlamu wake Mustafa ben Thami, amene ankayang'anira msasa wa ku Morocco pa nthawi ya njala, adalola kuti akaidi achifalansa oposa 200 aphedwe. Ena a iwo adali ogwidwa pa nkhondo ya ku Sidi Brahim chaka chapitacho. Lamulo limene Amir adalisunga zaka zambiri lidasweka m'nyumba mwake momwe, ndipo adani ake adamsenzetsa mlanduwo nthawi yaitali.

KUTULA ZIDA

Pofika kumapeto a 1847 Amir adali pakati pa moto uwiri: asilikali a Morocco kumbuyo, a France kutsogolo. Akadatha kuthawira kuchipululu ndi apakavalo owerengeka, koma akazi, ana ndi ovulala akadatsala m'manja mwa adani. Adasonkhanitsa nduna zake, nazikumbutsa kuti nkhondo idaloledwa chifukwa cha kutchinjiriza anthu, ndipo kuti kuipitiriza popanda chiyembekezo kukadangokhala kuwaphetsa. Adatumiza mau kwa Lamoricière, mkulu wa asilikali a France m'deralo, kuti atula zida ngati amlola kupita ndi banja lake ku Alexandria kapena ku Acre. Lamoricière adavomera molemba, ndipo pa 23 December 1847 Duke wa Aumale adatsimikiza lonjezolo, Amir nampatsa kavalo wake.

Chombo sichidapite kum'mawa. Chidakaima ku Toulon, ndipo Amir ndi anthu ake adatsekeredwa m'linga. Mu February 1848 mfumu Louis-Philippe idachotsedwa pampando, ndipo boma latsopano lidati lonjezo la mwana wa mfumu silikulimanga. Adawasamutsira ku Pau, kenaka ku Amboise, kumene anthu 25 a m'nyumba mwake adamwalira ndi kuikidwa m'dziko lachilendo. Mwa anthu amene adamenyera ufulu wake mudali Bishopu Dupuch, amene nthawi imeneyo adali atatula udindo wa ku Algiers. Adamchezera m'ndende, ndipo m'chaka cha 1849 adasindikiza buku lochonderera boma kuti lisunge mau ake. Ena mwa akaidi ake akale nawonso adamchitira umboni wabwino. Pa 16 October 1852 Louis-Napoléon adafika yekha ku Amboise kudzammasula. Amir adalumbira kuti sadzabwereranso ku Algeria kapena kuutsa nkhondo pa France. Adakakhala ku Bursa, m'dziko la Turkey, ndipo m'chaka cha 1855 adasamukira ku Damascus, kumene adabwerera ku ntchito ya ubwana wake, yophunzitsa ndi kupemphera.

MASIKU A KU DAMASCUS

M'chaka cha 1860 kudabuka nkhondo m'mapiri a Lebanon pakati pa anthu a chipembedzo cha Druze ndi Akhristu a mpingo wa Maronite. Moto wake udafika ku Damascus, kumene Asilamu ambiri adali kale ndi mkwiyo poona kuti malamulo atsopano a boma la Ottoman ndi malonda a ku Ulaya zikukweza Akhristu. Amir adachenjeza bwanamkubwa wa mzindawo ndi akazembe a maiko, koma sadamveredwe. Pa 9 July khamu la anthu lidalowa m'dera la Akhristu la Bab Tuma, kutentha nyumba ndi matchalitchi. Akhristu zikwi zingapo adaphedwa m'masiku owerengeka, asilikali a boma akungoyang'ana.

Amir adatuluka ndi ana ake ndi Aalgeria anzake okhala mumzindamo, atanyamula zida, nayenda m'makwalala oyaka moto kusonkhanitsa opulumuka. Adadzaza nyumba yake ndi za anansi ake ndi amuna, akazi, ana amasiye, ansembe, masisitere ndi akazembe a maiko a ku Ulaya. Adalonjeza ndalama kwa aliyense wobwera ndi Mkhristu wamoyo. Pamene khamu lidafika pakhomo pake kufuna kuti awapereke, adakana, nalikumbutsa kuti lamulo la chipembedzo chao lomwe limaletsa kupha munthu wosalakwa, nanenetsa kuti asilikali ake adzamenya nkhondo ngati wina alowa. Pambuyo pake adaperekeza anthuwo m'magulumagulu ku linga la mzinda. Opulumuka mwa njira imeneyi adali zikwi zambiri.

Maiko adamtumizira ulemu. France idampatsa mendulo yake yapamwamba ya Légion d'honneur, Papa Pius IX adamlemekeza, ndipo boma la America lidamtumizira mfuti ziwiri za mphatso. Imam Shamil, amene adalimbana ndi Russia m'mapiri a Caucasus kufikira 1859, adamlembera kumuyamika kuti wachita chimene Chisilamu chimalamula. Polembera Bishopu Pavy, amene adalowa m'malo mwa Dupuch, Amir adafotokoza kuti sadachite zimenezi pofuna kukondweretsa Ulaya, koma pomvera lamulo la chipembedzo chake ndi polemekeza umunthu.

MATHERO NDI CHIWERUZO CHA MBIRI

M'chaka cha 1871 ku Algeria kudabukanso nkhondo yaikulu youkira France, ndipo mwana wake wina adapita kukaithandiza. Amir adamtsutsa poyera. Lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, amatero akuluakulu, ndipo la Amir lidamdula pakati pa iye ndi mwana wake. Ena adamuona ngati munthu amene wagulidwa, popeza ankalandira ndalama za chaka ndi chaka kuchokera ku boma la France. Koma iye adayesa lumbiro la ku Amboise chinthu chochitidwa pamaso pa Mulungu, chosati nkusweka chifukwa choti winayo adaswapo lake.

Adamwalira ku Damascus pa 26 May 1883, naikidwa pafupi ndi manda a Ibn Arabi, mphunzitsi wakale amene ankakonda mabuku ake. Algeria idalandira ufulu m'chaka cha 1962, patapita zaka 132 chigwere Algiers, ndipo m'chaka cha 1966 mafupa ake adatengedwa kukaikidwa kwao monga tate wa dziko.

Olemba mbiri amamkoka mbali ziwiri. Ena amaona msilikali wa ufulu yekha, naiwala shehe. Ena amaona bwenzi la Akhristu lokha, naiwala kuti munthu yemweyo adalalikira nkhondo yachipembedzo, natentha minda ya Mitidja ndi kugwetsa Ain Madi. Koma wa ku Macta ndi wa ku Bab Tuma ndi munthu mmodzi, womvera lamulo limodzi. Pa nkhondo adagonja, ndipo lamulo lake silidasungidwe ndi anthu ake nthawi zonse. Komabe m'zaka zimene olamulira ochokera ku dziko lotchedwa lachikhristu ankaswa mapangano ndi kusonkha moto pakhomo pa mapanga, Akhristu a ku Damascus adapeza pothawira m'nyumba ya Msilamu amene France idamlanda dziko ndi kumtsekera m'ndende pafupifupi zaka zisanu.